Jakisoni anachoka koma ugonthi unatsala: zomwe akatswiri a zakamvedwe ayenera kuphunziranso

DURBAN — Mu June 2018 unduna wa zaumoyo m'dziko la South Africa unalengeza kuti akuluakulu ndi achinyamata odwala chifuwa chachikulu cha TB yosamva mankhwala asiya kubayidwa jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo m'malo mwake azilandira mapiritsi a bedaquiline. Dzikoli linali loyamba pa dziko lonse lapansi kulamula motero. Chifukwa chimodzi chinali chakuti mapiritsiwo ankapulumutsa miyoyo yambiri kuposa jakisoni. Chifukwa china, chomwe odwala eniake anakhala akuchidandaula kwa zaka zambiri, chinali chakuti jakisoniyo ankagonthetsa anthu m'makutu.

Malo amodzi kumene nkhaniyi inali ndi tanthauzo lalikulu ndi ku Springfield, dera la mumzinda wa Durban lomwe lili kufupi ndi mtsinje wa Umgeni. Ambiri amalidziwa derali chifukwa cha mafakitale, masitolo ndi nyumba zosungiramo katundu, koma komweko kulinso chipatala cha King Dinuzulu, chomwe kale chinkatchedwa King George V. Kwa zaka zambiri kumeneku n'kumene kunkatumizidwa odwala TB yosamva mankhwala ochokera m'chigawo chonse cha KwaZulu-Natal. Kunalinso ntchito yaikulu ya akatswiri oyeza ndi kuthandiza kamvedwe ka anthu, amene pa Chingerezi amatchedwa audiologist.

Mbiri ya chipatalachi ikuonetsa mmene nzeru za katswiri wa zakamvedwe zimakalambira msanga. Pakati pa 2006 ndi 2018 ntchito yake inasintha maonekedwe katatu konse, ndipo pa kusintha kulikonse digiri ya kuyunivesite payokha sinali yokwanira. N'chifukwa chake nkhani ya maphunziro opitiriza a akatswiriwa, yomwe ambiri amaiona ngati ya m'maofesi ndi masatifiketi, ikuyenera kuunikidwa ndi diso lina. Funso lenileni ndi lakuti maphunzirowo akulondola kumene kuli odwala, kapena akulondola kumene kuli mapointi.

Zaka za jakisoni

Mu 2006 madokotala anadzidzimutsa dziko lapansi ndi zomwe anapeza pa chipatala cha Church of Scotland ku Tugela Ferry, dera la kumudzi m'chigawo chomwechi. Mwa odwala 53 amene anapezeka ndi TB yokana pafupifupi mankhwala onse odziwika, 52 anamwalira, ndipo theka la iwo linatsikira kuli chete pasanathe masiku 16 chiwatengereni makhololo okayeza. Kuchokera pamenepo odwala ambiri anayamba kuyezedwa ndi kupezeka ndi TB yosamva mankhwala, mabedi a ku King George V anachepa, ndipo anthu ankadikira kumudzi kuti malo apezeke.

Chithandizo cha nthawi imeneyo chinali chowawa. Wodwala ankamwa mapiritsi odzaza dzanja kwa miyezi 18 mpaka 24, ndipo kwa miyezi yosachepera 6 yoyambirira ankabayidwa kanamycin, amikacin kapena capreomycin. Mankhwalawa amapha tizilombo ta TB, koma amalowanso m'kati mwenimweni mwa khutu, m'kachiwalo kopindana ngati chigoba cha nkhono, mmene muli timaselo tokhala ndi tiubweya tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Timaseloti tikafa sitimeranso. Toyamba kufa ndi tomwe timalandira mawu okwera kwambiri, onga kulira kwa nkhululu usiku, kotero kuti wodwala sazindikira msanga kuti zinthu zayamba kuonongeka. Ena amayamba ndi kumva kulira kosalekeza m'makutu. Chodetsa nkhawa china n'chakuti kuonongekako kumatha kupitirira kwa miyezi ingapo jakisoni atasiyidwa kale.

Kafukufuku amene anachitika ku Cape Town ndi kusindikizidwa mu 2012 anapeza kuti mwa odwala 100 alionse olandira jakisoni wotereyu, 57 anataya mbali ya kumva kwawo. Mwa amene anali ndi kachilombo ka HIV chiwerengerocho chinafika 70. M'Chichewa nkhaniyi imamveka ngati mwambi wowawa: pofuna kugonjetsa TB yosamva, munthu ndiye ankasanduka wosamva.

Katswiri amene anamaliza maphunziro ake zaka za m'ma 1990 anazolowera kuyeza khutu pa mlingo wa pakati pa 250 ndi 8,000 hertz, womwe umakwanira mawu a munthu polankhula. Koma poizoni wa jakisoni amayambira pamwamba pa mlingowo. Kunafunika kuphunzira kuyeza mpaka 16,000 hertz, kuyeza wodwala asanayambe mankhwala kuti pakhale poyerekezera, kenako kumuyezanso mwezi ndi mwezi. Kunafunika kudziwa kuyeza munthu wofooka amene sangakhale tsonga nthawi yaitali, ndiponso kudziteteza m'kachipinda kotsekeka kosalowa phokoso, komwe mwatsoka salowanso mpweya wokwanira. Koposa zonse kunafunika kulimba mtima n'kukauza dokotala kuti khutu layamba kufa, pomwe dokotalayo analibe mankhwala ena oti apereke ndipo ankasankha pakati pa moyo wa munthu ndi makutu ake.

Kusintha kwachiwiri kunadza pomwe akuluakulu a zaumoyo anaona kuti chipatala chimodzi sichingasenze chigawo chonse. Kuyambira 2008 KwaZulu-Natal inatsegula malo ena operekera chithandizochi m'maboma, ndipo mu 2011 boma la dzikolo linakhazikitsa ndondomeko yoti odwala azithandizidwa kufupi ndi kwawo. Jakisoni anapita kumudzi, koma akatswiri a zakamvedwe anali ochepa moti sakanamutsatira kulikonse. Apa kunabwera makina oyezera onyamulika, monga a KUDUwave opangidwa m'dziko lomwelo, amene mahedifoni ake amatchinga phokoso mwa iwo okha. Ankawagwiritsa ntchito anamwino ndi othandizira ena. Motero katswiri uja anasanduka mphunzitsi ndi woyang'anira anthu oti sanaphunzire ntchito yake, udindo umene sukulu sinamukonzekeretse.

Kenako kunabwera bedaquiline, mankhwala oyamba a mtundu watsopano olimbana ndi TB patatha zaka pafupifupi 40, amene dziko la America linawavomereza mu December 2012. Poyamba ankaperekedwa kwa ochepa okha, kuphatikizapo amene jakisoni anali atayamba kuwaononga. Pepala la zotsatira za kuyeza khutu linasanduka ngati chiphaso cholandirira mankhwala abwino, ndipo omenyera ufulu wa odwala ankafunsa chifukwa chake munthu ayenera kuyamba wagontha kuti amuchitire chifundo. Kauniuni wa kaundula wa odwala ku South Africa amene anatuluka mu 2018 anasonyeza kuti mwa olandira bedaquiline anamwalira pafupifupi 13 pa 100 alionse, pomwe mwa enawo anamwalira pafupifupi 25. Mu August chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mayiko kusiya kanamycin ndi capreomycin, ndipo mu 2022 linavomereza chithandizo cha mapiritsi okhaokha cha miyezi 6. Chodabwitsa n'chakuti malangizo a bungwe la Health Professions Council of South Africa okhudza kasamalidwe ka makutu a odwala olandira mankhwala ogonthetsa anatulukanso mu 2018 momwemo, jakisoni akutsanzika.

Mapointi 30 pa chaka

Bungwe la HPCSA, lomwe limalembetsa madokotala ndi akatswiri ena a zaumoyo ku South Africa, limafuna kuti katswiri wa zakamvedwe azisonkhanitsa mapointi 30 a maphunziro opitiriza pa miyezi 12 iliyonse, ndipo 5 mwa iwo akhale okhudza chikhalidwe choyenera pa ntchito, ufulu wa anthu ndi malamulo a zachipatala. Mapointiwa amapezeka pochita nawo misonkhano, maphunziro a pa intaneti, kapena poyankha mafunso a m'magazini a akatswiri. Mabungwe monga South African Association of Audiologists ndi South African Speech-Language-Hearing Association, pamodzi ndi mayunivesite, ndi ena mwa okonza maphunzirowa. Wolephera kukwaniritsa atha kuimitsidwa ntchito.

Lamuloli n'labwino, ndipo mayiko oyandikana nawo akuyenda njira yomweyo. Koma pointi imawerenga maola amene munthu wakhala pa mpando. Siinena ngati zomwe wamvazo zikugwirizana ndi odwala amene akumudikira Lolemba m'mawa. Maphunziro ambiri pa ntchitoyi, kuno ngakhalenso kunja, amakonzedwa kapena kulipiriridwa ndi makampani opanga makina othandiza kumva, ndipo n'zosadabwitsa kuti amatsindika za makina atsopano okwera mtengo amene amagulidwa ndi anthu okhala ndi inshuwalansi. Kampani sitingaiimbe mlandu pophunzitsa za katundu wake. Koma anthu oposa 80 pa 100 alionse ku South Africa amadalira zipatala za boma, ndipo katswiri wa m'chipatala cha boma atha kukwanitsa mapointi ake onse osamvapo liwu limodzi la momwe angathandizire bambo wa ku Msinga amene wabwerera kumudzi atachira TB koma osamvanso mkazi wake akamuitana.

Sitikunena kuti za kunja zilibe phindu. M'zaka zaposachedwa akatswiri ofufuza za matenda oiwalaiwala a ukalamba aika kusamva bwino pa mndandanda wa zinthu zomwe zimawonjezera chiopsezo koma zingathe kupewedwa. Mu October 2022 dziko la America linalola kuti makina ena othandiza kumva azigulitsidwa popanda kalata ya katswiri, ndipo katundu wotere sachedwa kufika m'misika ya kuno. Zonsezi katswiri ayenera kuzidziwa. Vuto lagona pa kagawidwe ka nthawi.

Otsala m'chete

Kaundula wa TB amalemba kuti wodwala wachira, wamaliza mankhwala, mankhwala alephera, wamwalira kapena wasowa. Mulibe mzere wa amene wachira koma wagontha. Munthu wotere amatuluka m'buku la TB ngati chipambano, n'kulowa m'moyo umene sanaukonzekere.

Mmodzi mwa amene anakana kukhala chete ndi a Phumeza Tisile a ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town. Iwo anadwala TB mu 2010 ali mtsikana wa pasukulu ya ukachenjede, nagontha makutu onse awiri chifukwa cha kanamycin. Anachira mu 2013, koma anadzamvanso mawu mu 2015 atachitidwa opaleshoni yoika makina m'kati mwa khutu otchedwa cochlear implant, ndipo mbali ina ya ndalama zake inasonkhedwa ndi anthu akufuna kwabwino. Pambuyo pake, pamodzi ndi a Nandita Venkatesan a ku India amenenso anagonthetsedwa ndi jakisoni yemweyo, anatsutsa pempho la kampani ya Johnson & Johnson lofuna kutalikitsa umwini wake pa bedaquiline m'dziko la India, ndipo mu March 2023 ofesi yoona za umwiniwo inakana pempholo. Mbiri yawo imatchulidwa kawirikawiri pa misonkhano. Chomwe sichitchulidwa mokwanira n'chakuti ndi ochepa zedi mwa anzawo amene anapeza mwayi wa opaleshoni ngati imeneyo.

Kwa ambiri chomwe chilipo ndi makina ovala kukhutu, ndipo makinawa sali ngati magalasi a m'maso oti munthu akavala basi waona. Amakweza mawu, koma sabwezeretsa timaselo tomwe tinafa, choncho mawu amamveka okweza koma osokonekera, makamaka pa msika, m'minibasi kapena m'tchalitchi. Ubongo umafuna masabata kapena miyezi kuti uzolowere. Batire yake imatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kapulasitiki kolowa m'khutu kamaumbidwa molingana ndi khutu la mwini wake, ndipo kwa mwana kamachepa pakangopita miyezi yowerengeka. Chinyezi cha ku Durban kapena thukuta la ku Chikwawa zimaononga makinawo, phula la m'khutu limatseka kachubu kake. Amene sanalangizidwe zonsezi amavala masiku atatu, n'kuwasunga m'sutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo.

Ntchito yobwezeretsa munthu pakati pa anzake ndi yotakata kuposa kupereka makina. Ikukhudza kumuphunzitsa kuwerenga milomo ndi nkhope, kulangiza a m'banja kuti azimuyang'ana polankhula ndi kuleka kumukalipira kuchokera kuseri kwa nyumba, kukambirana ndi mabwana a kuntchito kapena aphunzitsi, ndiponso kumumvetsera pa chisoni chake, pakuti kugontha ukulu n'kofanana ndi maliro amene anthu sabwera kudzakhuza. Mu July 2023 chinenero chamanja cha ku South Africa chinakhala chinenero cha nambala 12 chovomerezeka ndi malamulo a dzikolo, chinthu chomwe anthu osamva anachimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali. Komabe munthu amene wagontha ali ndi zaka 35 sachidziwa chinenerocho, ngakhalenso ana ake sachidziwa. Iye amatsala pakati: anthu akumva amuthawa, ndipo kwa olankhula ndi manja ndi mlendo.

Pakati pa odwala m'zipatala za ku Durban pamakhalanso anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe amene anapita kukafuna maganyu. Wotere akabwerera kwawo ku Mangochi kapena ku Tete ndi makina kukhutu, amakapeza kuti batire ya mtundu umenewo sigulitsidwa pa golosale ya m'mudzi, ndipo wodziwa kuwakonza ali pa mtunda wa ulendo wa tsiku lathunthu. Agogo ake amene anabwera kuchokera ku migodi ya Wenela atagontha ndi phokoso la makina obowola miyala anakumana ndi chete yemweyo.

Khutu limayezedwa m'chinenero cha yani?

Pali mbali ina imene maphunziro opitiriza amaidumpha kawirikawiri, chikhalirecho ndi imene imakhudza wodwala aliyense wolowa m'kachipinda koyezera. Kuyeza ndi kulira kwa makina kulibe chinenero: munthu amangokweza dzanja akamva. Koma pofuna kudziwa ngati munthu akuzindikira mawu, komanso ngati makina omwe wapatsidwa akumuthandiza, katswiri amamuuza kuti abwereze mawu omwe akumva. Mindandanda yomwe yakhala ikugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri inakonzedwa ku America, ndipo muli mawu onga baseball, hotdog ndi cowboy. Gogo wa ku Nongoma akalephera kubwereza mawu amenewa, cholephera ndi khutu lake kapena ndi Chingerezi chake?

Kungomasulira mndandandawo sikuthandiza. Mawu a Chingereziwo anasankhidwa chifukwa maphatikizo ake awiri amatchulidwa ndi mphamvu yofanana, pomwe Chizulu, monganso Chichewa, chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo chimasiyanitsa matanthauzo ndi kakwezedwe ka liwu. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a pa University of KwaZulu-Natal, motsogozedwa ndi a Seema Panday, anayambira pansi penipeni: anasonkhanitsa aneni a maphatikizo awiri odziwika kwa aliyense wolankhula Chizulu, nawayesa pa anthu akumva bwino kuti asankhe omveka mofanana. Zotsatira zawo zoyamba zinasindikizidwa mu 2007, ndipo ntchito yotsimikizira mndandandawo inatenganso zaka zina. Anzawo a ku University of Pretoria anadzera njira ina. Pulogalamu ya pafoni ya hearZA, yomwe inatuluka mu 2016, imatchula manambala atatuatatu a Chingerezi pakati pa phokoso, podalira kuti anthu a zinenero zonse za dzikolo amatchula manambala m'Chingerezi. Aliyense amene anamvapo mayi wa pa msika wa Limbe akutchula mtengo wa tomato kapena nambala ya foni angavomereze kuti nzeruyi ingagwirenso ntchito kumpoto kwa Zambezi.

Chichewa chili ndi zake zomwe katswiri ayenera kuzidziwa. Malembo a liwu, a, e, i, o ndi u, amanyamula mphamvu yambiri pa mlingo wotsika, pomwe malembo opanda liwu monga s, f ndi ts amadalira mlingo wokwera, womwewo umene jakisoni, phokoso ndi ukalamba zimayamba kuononga. Popeza phatikizo lililonse la Chichewa, kupatula m ndi n oima paokha, limathera ndi lembo la liwu, wodwala amamva mtsinje wa mawu ukuyenda bwinobwino koma osautola tanthauzo. Sula ndi fula amamveka chimodzimodzi; sala ndi tsala chimodzimodzinso. Kampweya komwe kamasiyanitsa phala ndi pala kamasowa. Apa n'pomwe pamachokera dandaulo lomwe anamwino amalidziwa bwino, lakuti ndikumva kuti mukulankhula koma sindikumva zomwe mukunena, ndipo a pabanja amafulumira kugamula kuti munthuyo amamva zokhazo zomwe akufuna.

Palinso kakwezedwe ka liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana, ndipo m'aneni a Chichewa kukwera kapena kutsika kwa liwu kumathandiza kusiyanitsa nthawi. Kafukufuku wa pakati pa olankhula Chimandarini ku China wasonyeza kuti makina a cochlear implant amavutika kupereka bwino kusiyana kotereku. Katswiri wa ku Blantyre kapena ku Lusaka ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa anzake a ku Beijing kuposa momwe mabuku a ku London angamuuzire. Ndipo mndandanda wa mawu a Chichewa woyesedwa bwino ungathe kutumikira odwala a ku Dedza, Chipata ndi Angónia nthawi imodzi, bola osankha mawuwo apewe amene amasiyana malinga ndi dera.

Mwinanso chachikulu kuposa zonsezi ndi liwu lakuti kumva lenilenilo. M'Chichewa munthu amamva mawu, amamva tanthauzo, amamva ululu, amamva fungo, ndipo mwana wabwino amamva makolo ake. Choncho mwana wosamva ndi mwana wamwano, ndipo wamwano mankhwala ake ndi chikwapu. Ana angati amene anamenyedwa kunyumba, nabwereza Sitandade 1 kawiri kapena katatu, pomwe vuto lawo linali mafinya kapena madzi m'khutu? Nalo liwu lakuti gonthi limatuluka m'kamwa ngati chitonzo, moti makolo ena amakana makina poopa kuti mwana wawo apatsidwa dzinalo. Mlangizi wosadziwa kulemera kwa mawu awiriwa amalephera asanayambe n'komwe.

Ku South Africa ntchitoyi inakula m'nthawi ya tsankho, ikutumikira makamaka azungu, ndipo akatswiri monga a Mershen Pillay ndi a Harsha Kathard akhala akulemba kuti maphunziro ake akufunika kusinthidwa kuyambira ku mizu. Chiwerengero cha ophunzira olankhula zinenero za anthu akuda chakwera, koma sizachilendo kupeza wokolopa m'chipatala kapena mwana wa wodwala akuitanidwa kuti adzamasulire. Kugwira ntchito ndi womasulira ndi luso lofunika kuliphunzira, ndipo likanayenera kulowa m'mapointi 5 aja a ufulu wa anthu.

Kumpoto kwa Limpopo

Ngati dziko lomwe lili ndi mayunivesite angapo ophunzitsa ntchitoyi likupereweredwa, nanga anansi ake? Lipoti la WHO la mu October 2024 linati anthu pafupifupi 40 miliyoni m'chigawo cha Africa ali ndi vuto la kumva, ndipo chiwerengerochi chingafike 54 miliyoni pofika 2030. Linatinso mayiko oposa atatu mwa anayi alionse alibe ngakhale katswiri mmodzi wa zakamvedwe pa anthu 1 miliyoni, ndipo mwa anthu 33 miliyoni ofunika makina othandiza kumva, ndi pafupifupi 10 okha pa 100 alionse amene amawapeza.

Ku Malawi, Dr Wakisa Mulwafu anabwerera kuchokera ku maphunziro ku Cape Town mu 2007 ngati Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa opaleshoni ya khutu, mphuno ndi pakhosi. Chipatala cha makutu cha ku African Bible College ku Lilongwe, chomwe anachiyambitsa ndi akatswiri a ku Australia, chinatsegula nyumba yake mu 2013, ndipo pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre nthambi yotere inatsegulidwa mu 2016 mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la Sound Seekers. Amalawi oyamba kukhala akatswiri a zakamvedwe anakaphunzira ku Manchester, ndipo pambuyo pake koleji ya ku Lilongwe ija inayamba kuphunzitsa digiri ya ntchitoyi m'dziko momwemo. Ku Zambia, Dr Alfred Mwamba, katswiri woyamba wa dzikolo, anatsogolera sukulu ya Starkey Hearing Institute ku Lusaka, yomwe yaphunzitsa oika makina othandiza kumva ochokera m'mayiko angapo a mu Africa.

Kwa kagulu kochepa chonchi, maphunziro opitiriza ali ndi mavuto akeake. Katswiri akachoka sabata imodzi kupita ku msonkhano ku Durban kapena ku Nairobi, mzere wa odwala umangotalika. Wamkulu woti n'kumufunsa nzeru pa nkhani yovuta kawirikawiri amakhala kutsidya kwa nyanja, ndipo ulendo, intaneti ndi kukonzetsa makina oyezera chaka ndi chaka zimadalira ndalama za mabungwe akunja. Chaka cha 2025, pomwe dziko la America linadula mwadzidzidzi thandizo lake la zaumoyo, chinaonetsa kufooka kwa maziko oterewa.

Nawo matenda amene amadzaza mabenchi ndi ena. Kafukufuku wa m'boma la Chikwawa amene anasindikizidwa mu 2017 anapeza kuti ana oposa 5 pa 100 alionse a zaka 4 mpaka 6 anali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali, chiwerengero chomwe chapitirira malire amene WHO imati ndi vuto lalikulu lofuna kuchitapo kanthu msanga. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku ndi matsagwidi zimasiya ana ogontha. Ndipo phunziro la ku Springfield silinathe ntchito pamene kanamycin anachotsedwa: gentamicin, wa m'banja lomwelo, amabayidwa tsiku lililonse kwa makanda odwala m'zipatala zathu, amikacin akadaloledwa kwa odwala TB ena osowa mankhwala ena, ndipo cisplatin, yemwe amaperekedwa kwa amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero, amaononganso khutu. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi yafala kwambiri. Luso loyeza khutu mankhwala asanayambe ndi pomwe akuperekedwa likufunika kusamuka kuchoka ku wodi ya TB kupita ku wodi ya makanda ndi ya khansa.

Poona kuchepa kwa akatswiri, WHO inatulutsa mu March 2023 buku lophunzitsira anamwino, madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono ndi alangizi a zaumoyo za chisamaliro choyambirira cha khutu. Malawi anali atayesa kale njirayi. M'boma la Thyolo, gulu la a Mulwafu linaphunzitsa alangizi a zaumoyo a m'midzi kuzindikira mavuto a khutu, ndipo alangiziwo anapezadi anthu mazanamazana ofunika thandizo. Koma ofufuza atabwerera kukaona zomwe zinatsatira, anapeza kuti mwa ana 150 amene anatumizidwa ku Queen Elizabeth, ndi 5 okha amene anakafika. Makolo anatchula kutalika kwa ulendo, mtengo wa galimoto, ndalama zodyera mumzinda, mantha a chipatala chachikulu chomwe sadziwa poyambira pake, komanso kusamvetsa chomwe anauzidwa pa tsiku loyeza lija.

Ofufuzawo anayesanso njira ina, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Kholo lililonse linapatsidwa kabuku ka zithunzi kofotokoza ulendo wonse mpaka pa khomo la nthambi ya makutu, linalangizidwa pamasom'pamaso, ndipo linakumbutsidwa ndi uthenga wa pafoni tsiku likayandikira. Mwa ana 30 amene anatumizidwa, 16 anakafika ku Blantyre. Olangizawo anali awiri: mlangizi wa zaumoyo wophunzitsidwa, ndi mayi wina amene anayendapo kale ulendo womwewo ndi mwana wake.